Nthiti Yako Yakumanzere

Govan, Lachinayi masana

Tadala mwana wanga,

Ndakhala pa tebulo la kukhitchini, mvula ikuwaza pawindo monga mwa masiku onse, ndipo iwe wapita kumtsinje kukatsanzikana ndi anzako a m'bwato. Bambo ako ali kuntchito, akuwotcherera zitsulo za sitima zawo zija. Ine ndasinthana shifiti ndi mnzanga kuti ndipeze maola awa ndili ndekha. Kalatayi ndiyiika m'chikwama chako cha m'manja, pafupi ndi pasipoti, kuti uyipeze mawa ndege itanyamuka kale, pamene sungathe kundidula mawu kapena kundimenyetsera chitseko. Ndalemba m'Chichewa dala. Chizungu umachiwerenga ngati akukuthamangitsa, maso akungodumpha mizere, koma Chichewa umachita kuchitafuna liwu ndi liwu, milomo ikugwedera ngati mwana wa sitandade 2. Lero ndikufuna uwerenge choncho.

Nkhani ndi imodzi, ndipo ndiyinena poyamba pomwe kuti usavutike kuyisaka. Nthiti yako yakumanzere sinapole. Ukafika ku yunivesite ku Americako, asanakulole kukwera bwato, akakukhazika pamaso pa dokotala wa timu, ndipo akakufunsa ngati unavulalapo. Ukanene zoona. Ukanene kuti nthitiyo inang'aluka mu Januwale, kuti ikupwetekabe mpaka lero, ndiponso kuti fomu imene analandira kuchokera kuno ili ndi bodza. Bodzalo ndinalemba ndine, ndi dzanja lomwe lino.

Usandiuze kuti yapola. Lolemba m'mawa unayetsemula uli pa sinki apo, dzanja lako n'kuthamangira m'mbali lokha, usanaganize n'komwe. Unaima phee, mpweya utaugwira. Kenako unatembenuka, n'kuona kuti ndakuona, n'kumwetulira. Unati, "Ndili bwino, Amayi," m'Chizungu chako chija cha ku Glasgow chomeza zilembo. Ndagwira ntchito mu wodi ya mafupa zaka zambiri kuposa zaka zako zobadwa. Kumwetulira kumeneko ndimakuona tsiku lililonse pankhope za anthu ofuna kutulutsidwa m'chipatala msanga, ndipo sikundipusitsa.

Ndikudziwa kuti zimene ndikukuuzazi zikuphwanya zonse zimene ndakhala ndikukuphunzitsa chaka chino. Ndiye undilole ndikufotokozere mmene ndinasokerera, chifukwa sindinasokere tsiku limodzi. Zina unaziona ndi maso ako, koma sunadziwe zimene zinali m'mutu mwanga.

Masewera akowa ine poyamba ndinkawaseka. Utabwera kuchokera kusukulu uli ndi zaka khumi ndi zitatu n'kunena kuti ukufuna kupalasa bwato pa mtsinje wa Clyde, ndinati ife a ku Ntcheu ndi bwato wapi ndi wapi. Ndinati ndi masewera anji oti munthu akupita kutsogolo koma atayang'ana kumene wachokera. Koma unaumirira, n'kumadzuka kusanache, n'kumakwera mabasi awiri m'chisanu, n'kumabwera manja ali matuza okhaokha. Ine ndinkangokupaka mankhwala ndikung'ung'udza. Tsiku limene a Moira, kochi wanu uja, anandiitanira pambali n'kundiuza kuti mayunivesite a ku America amasaka atsikana amsinkhu ndi mphamvu ngati zako, ndipo amawaphunzitsa sukulu ulere, kuseka kwanga kunathera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo bwato lija ndinalilanda. Linasiya kukhala lako, linakhala langa.

Ukukumbukira maimelo oyamba aja? A Moira ananena momveka kuti makochi amafuna kumva kwa mwana mwini wake: alembe yekha, atumize nthawi imene amathera pa makina opalasira aja, kanema wa pamadzi, ndi zotsatira za kusukulu. Ine ndinaona kuti zimene unalemba n'zamwano. Munthu kungoyamba ndi dzina la mkulu popanda ulemu uliwonse, kenako n'kumadzitama kuti ndine wakuti, ndinapambana zakuti! Ndinafufuta, n'kulemba zanga m'dzina lako, zodzichepetsa ngati kalata yopempha ntchito kuboma. Makochi asanu ndi mmodzi sanayankhe n'komwe. A Moira ataona kalatazo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Mayi, mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi salemba chonchi, ndipo iwo akudziwa." Ndinachita manyazi, koma sindinaphunzirepo kanthu. Ndinangosiya kulemba, kulamula sindinasiye. Ndiye kumeneko uzikadzilankhulira wekha, Tadala. Kunena zimene ungathe si kudzitama, ndipo kunena pamene pakupweteka si kudandaula.

Kochi woyamba amene anatilonjeza malo, bambo wansangala uja wa ndevu zoyera, tinalankhula naye pa kompyuta tonse atatu, titavala ngati tikupita ku ukwati. Anati wakukonda, malo ndi ako, mapepala adzabwera nthawi yake ikakwana. Bambo ako anakonza pakhosi n'kufunsa kuti, "Pepani, nanga inuyo mutachoka ntchito, lonjezoli litsala m'manja mwa yani?" Ine ndinawaponda phazi pansi pa tebulo, mwamphamvu ndithu, mpaka anatsinzina. Kochi uja anaseka n'kunena kuti sakupita kulikonse. Titatseka kompyuta ndinawakalipira bambo ako kuti achititsa manyazi banja, kuti munthu wamkulu akakupatsa chinthu sum'funsa mafunso ngati wapolisi. Iwo anangoti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, amake Tadala," n'kupita kukaonera mpira. Ine ndinakulira kumene mawu a munthu wamkulu ndi chidindo. Sindinadziwe kuti m'nkhani zimenezi lonjezo la pakamwa limayenda ndi mwini wake, akasamuka nalonso lasamuka. Ukamva chinthu chokhudza tsogolo lako, uzifunsa, ndipo uzipempha kuti akulembere. Safunsa anadya phula, ndipo phula limenelo ine ndinadya, iwenso ndinakudyetsa.

Lamlungu lotsatira ndi limene ndinadzimangirira chingwe. Unandichonderera m'basi yonse mpaka ku Maryhill kuti ndisanene kanthu kutchalitchi. Ine ndinali nditakazinga kale mandasi beseni lonse. Nthawi ya maumboni itakwana ndinaimirira, nditavala chitenje changa chobiriwira chija, n'kuuza mpingo wonse kuti Mulungu watsegula khomo, mwana wanga akupita ku America ndi bwato. Azimayi anaimba nthungululu, abusa anakuitanira kutsogolo n'kukusanjika manja, iwe utangowerama. Ndinkati ndikutamanda Mulungu. Lero ndikuuza zoona: theka la umboni umenewo linali la Mulungu, theka linali la amayi aja amene ana awo akuphunzira udokotala ndi uinjiniya, amene ankandifunsa mwachifundo kuti kodi Tadala akadali ndi zamabwato zija. Ndinkafuna aone nkhope yanga tsiku limenelo.

Patapita miyezi inayi bambo wa ndevu uja anapeza ntchito kwina. Amene analowa m'malo mwake anatilembera mizere itatu yokha, kuti ali ndi atsikana ake amene akuwafuna, akukufunira zabwino zonse. Iwe unalira tsiku limodzi, m'mawa mwake n'kubwerera kumtsinje. Ine sindinalire, koma ndinadwala manyazi. Mayi Kamwendo Lamlungu lililonse ankandigwira dzanja pakhomo la tchalitchi n'kufunsa kuti, "Nanga wa ku America uja anyamuka liti?" Sindikudziwa ngati ankafunsa mwachikondi kapena ayi, mwina anali ndi mtima wabwino ndithu. Ine ndinkayankha kuti mapepala akuyenda. Ndinanama choncho miyezi itatu, Baibulo lili m'khwapa.

Ndiye pamene kochi wachiwiri, mayi amene ukupita kwa iyeyu, analemba mu Disembala kuti ali ndi malo amodzi otsala, ine ndinali ngati munthu womira. Anati akufuna nthawi yatsopano ya pa makina, mamita zikwi ziwiri, ndipo uchotsepo masekondi anayi Januwale asanathe. Kumayambiriro kwa Januwale ndi pamene unayamba kugona chagada, n'kumadzuka pabedi mochita kudzigubuduza. Ndinakuitana m'chipinda, ndinakweza malaya ako, n'kuyendetsa zala ziwiri pa nthiti imodzi imodzi. Nditafika pa malo aja unadumpha ngati ndakutentha ndi moto. Ululu wa pamalo amodzi, pang'ono ngati pogona chala, wokula ukatsokomola kapena ukatembenuka. Tadala, ndinadziwa. Sindinakayike ngakhale pang'ono. Wodwala wina aliyense ndikanam'tumiza kukajambulidwa tsiku lomwelo n'kum'letsa kunyamula ngakhale ketulo. Iwe ndinakuuza kuti ndi mnofu chabe, upirire, akazi a kwathu salira ndi tizinthu tating'ono.

Tsiku la mayeso a pa makina aja silichoka m'maso mwanga. Ndinakumwetsa mapilitsi awiri kutatsala ola limodzi. Ndinakumata tepi m'mbali, m'kati mwa malaya, m'chimbudzi cha ku kalabu, kuti a Moira asaone. Munali kuzizira m'nyumba ya mabwato muja mpaka mpweya kumaoneka ngati utsi. Ndinaima kumbuyo kwako ndi foni, ndikujambula manambala kuti titumize ku America. Mamita mazana asanu omaliza unayamba kupendekera kumanja, nkhope itatuwa, milomo itauma. A Moira anandifunsa chapansipansi kuti, "Bwanji akupendekeka?" Ndinayankha kuti wagonera mbali imodzi. Ndipo ndinakuwa, ine mayi ako, kuti koka, koka, usasiye. Unachotsa masekondi asanu. Unagwa pa makinawo n'kugona pansi pa simenti, osalira, maso ali kudenga, ukupuma timpweya tating'onoting'ono ngati nkhuku yodwala. Ine choyamba chimene ndinayang'ana chinali foni, kuona ngati kanema wajambulika bwino.

Zotsatira ukuzidziwa. Mu Febuluwale, utalephera ngakhale kuvala jekete wekha, ndinakutengera kuchipatala, osati changa, china cha kutali kumene sandidziwa. Atakujambula, sikani inaonetsa mng'alu. Dokotala anati masabata asanu ndi atatu osagwira chopalasira, ndipo ukadzayamba uyambe pang'onopang'ono. A Moira tinawauza kuti ukuwerengera mayeso. Atatha masabata anayi okha, kochi wa ku America anapempha kanema watsopano wa pamadzi, ndipo ine ndinati ukuoneka bwino, bwerera. Fupa silimva kuti kuli kochi akudikira. Limafuna masiku ake, ndipo ine ndinalibera theka la masikuwo.

Fomu ya zaumoyo inabwera mu Juni, malo utapatsidwa kale, mapepala titasaina. Tinakhala pa tebulo lomwe lino. Unayankha mafunso onse wekha mpaka unafika pa lija lofunsa ngati unathyokapo kapena kung'aluka fupa, kapena kuvulala mpaka kusiya masewera. Cholembera chinaima m'mwamba. Unandiyang'ana. Maso ako ankandipempha kuti ndikhale mayi. Ine ndinakulanda cholemberacho, ndinachonga pa ayi, n'kusaina pansi pamene pamafunika kholo, popeza unali usanakwanitse zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Bambo ako anali ataima kumbuyo kwathu ndi kapu ya tiyi. Anawerenga n'kunena kuti, "Amake Tadala, kuntchito kwathu chitsulo chikang'aluka sitipakapo penti." Ndinawayankha kuti asamalowerere za chipatala, zimene sazidziwa. Anatuluka osamaliza tiyi, ndipo kuyambira tsiku limenelo nkhani ya America akaimva amangokhala chete. Mwina umaganiza kuti sakunyadira. Amakunyadira kwambiri, koma akuchita mantha, ndipo wowakwiyitsa ndine.

Tsopano ndikuuze chimene sindinakuuzepo, chimene ndinakumbukira Lolemba lija utayetsemula. Mayi ako aakulu, a Esinati, umangowadziwa pa chithunzi chili m'khonde chija. Ndi amene anandilera amayi athu atamwalira, ndi amene ankagulitsa mbatata ndi kabichi pamsewu kuti ine ndiphunzire unamwino. Ulendo wanga wobwera kuno utapsa, mudzi wonse unali pa chikonzekero. Sabata yomaliza ndinaona zinthu. Ndinaona kuti mtsuko akusenza ndi dzanja limodzi. Ndinaona kuti dzanja lamanja sakulikweza kupitirira phewa. Ndinaona kuti asiya kusamba pamodzi ndi ife, akumadikira tonse titamaliza. Ine ndinali namwino kale, wa satifiketi yake. Pa bwalo la ndege ku Lilongwe ndinawakumbatira, ndipo ndinamva akukoka mpweya pakati pa mano. Ndinafunsa kuti, "Achemwali, muli bwino?" Anamwetulira, kumwetulira kwako kuja kwa Lolemba, n'kuti, "Ndili bwino, kwera ndege." Ndinakwera.

Chinali chotupa cha m'bere. Anachibisa miyezi yambiri, ndipo azakhali anadzandiuza pambuyo pake kuti anawalumbiritsa onse kuti, "Musamuuze Lusia, angasiye ulendo." Pamene ankapita kuchipatala kunali kutada kale. Anamwalira ine ndili ndi pakati pako pa miyezi isanu ndi itatu, moti ndege sakanandilola, ndipo maliro ndinalirira pa foni m'kachipinda kathu koyamba ka ku Easterhouse. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti achemwali anandibisira. Si zoona zonse. Ndinaona, koma ndinafunsa funso langa mofuna yankho limodzi lokha, ndipo iwo anandipatsa yankho limenelo chifukwa ankandikonda. Ndikanati, achemwali, tiyeni kuseri ndione, akanakana kawiri, kachitatu akanavomera. Sindinatero chifukwa tikiti inali m'manja.

Ndiye taona chimene ndachita. Ndinalumbira kuti mwana wanga sadzakhala ngati a Esinati, koma ndakuphunzitsa kukhala iwo ndendende. Ukubisa ululu kuti ulendo usaonongeke, ndipo ndikudziwa kuti si ulendo wako wokha umene ukuteteza. Ukuteteza nkhope yanga ya kutchalitchi. Unaona mmene ndinkayendera miyezi itatu ija, ndipo unatsimikiza mumtima kuti sudzandibwezanso kumeneko. Zimenezi zikundiwawa kuposa chilichonse, Tadala. Ndili ndi chisoni, ndipo ndikuchita manyazi ndi ine mwini.

Usaganize kuti nthiti ndi nkhani yaing'ono chifukwa siipha ngati chotupa. Kumeneko akakupalasitsa kawiri pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, pakati pa atsikana amene aliyense akulimbirana mpando m'bwato loyamba. Mng'alu umene sunapole ukauonjezera katundu wotere, umathyokeratu, ndipo ukathyoka supuma masabata, umapuma miyezi, mwina chaka chonse. Ena sabwereranso m'bwato. Koma chimene ndikuopa kwambiri si fupa. Ndikuopa kuti ukapambana ndi bodzali kamodzi, chidzakhala chizolowezi chako. Udzabisa msana, udzabisa njala, udzabisa mwamuna wokuzunza, udzabisa chotupa, ndipo nthawi zonse ukumwetulira pa foni kuti uli bwino, ine ndili kutsidya lino la nyanja ndikuvomera chifukwa ndi zimene ndikufuna kumva.

Sindikunamiza kuti kunena zoona kulibe mtengo wake. Lachiwiri ndinatenga mapepala amene tinasaina aja n'kuwawerenga bwinobwino, koyamba, chifukwa tsiku losaina ndinkangoona pamene pali mzere wa dzina. Pa tsamba lachitatu alemba kuti sangakuchotse chifukwa chovulala. Ukumva? Tikanawauza mu Juni, sakanakuchotsa. Bodza langa linali lopanda ntchito. Koma pansi pake alembanso kuti akhoza kukuchotsa akapeza kuti anapatsidwa uthenga wabodza. Ndiye dzenje limene ndinkakuthawitsa kunalibe, ndipo limene lilipo ndakumba ndine. Akhoza kukumvetsa n'kukupatsa nthawi yoti upole. Akhozanso kukubweza. Sindikudziwa mtima wa mayi ameneyo, ndipo sindikulonjeza chimene sindikuchidziwa. Ndalonjeza zokwanira chaka chino.

Ungafunse kuti bwanji osangokhala chete, upole mwakabisira, palibe adzadziwe. Ndaganizapo zimenezo, usiku ndi usana, ndipo mtima wanga wakale uja ukundinong'oneza zomwezo ngakhale pano ndikulemba. Koma sungapole mwakabisira uli m'bwato la anthu asanu ndi atatu. Ukayamba kusunga mbali imodzi, bwato lonse limamva, iwe ukudziwa zimenezi kuposa ine. Adzakufunsa, udzanama kachiwiri, ndipo bodza lachiwirilo lidzakhala lako, osati langa. Pakali pano iwe sunaname kwa munthu aliyense wa kumeneko. Ndikufuna ukafike uli choncho.

Dzulo ndinapita kwa a Moira. Ndinawapeza akutsuka bwato panja, ndipo ndinawauza zonse, za tepi, za mapilitsi, za mayeso a kusukulu amene sanali chifukwa chenicheni. Anapitiriza kutsuka kwa kanthawi osandiyang'ana. Kenako anati, "Ndinaona kuti china chake chalakwika, koma ndinakukhulupirirani chifukwa ndinu namwino." Ndikanakonda akananditukwana. Ndinawapempha kuti lero asakuuze kanthu, utsanzikane ndi anzako mwamtendere, ndipo anavomera. Anati ukafuna, iwo alembera kochi wako watsopano kum'fotokozera kuti ndiwe mwana wotani. Koma anati sachita kanthu mpaka iwe mwini utawapempha, ndipo ndinaona kuti akunena zoona. Anthu akuluakulu takusankhira zinthu mokwanira.

M'thumba la m'kati mwa sutikesi yaikulu, pansi pa majuzi, muli envelopu yakhaki. Muli kalata ya dokotala ya mu Febuluwale ndi zotsatira za sikani. Mulinso kalata yanga, ya m'Chizungu, yopita kwa dokotala wa timu ndi kwa kochi. Ndalembamo kuti fomu ija ndinachonga ndine, kuti unali mwana wosakwana zaka, kuti ndinakulanda cholembera, ndiponso kuti ndine namwino ndipo ndinkadziwa chimene ndikuchita. Bambo ako atawerenga anandifunsa ngati ndaganizira za ntchito yanga, kalata yotere ikadzayenda. Ndaganizira. Iwo anatenga cholembera n'kusaina pansi panga ngati mboni, kuti analipo ndipo anaona. Envelopuyo ndi yako. Sindinatumize kalikonse ku America, ndipo sinditumiza mwakuseri. Ukaipereke ndi dzanja lako, tsiku loyamba, asanakufunse n'komwe. Usadikire kuti uyambe waona mmene anthu ake alili, chifukwa ukadikira tsiku limodzi udzadikira mwezi.

Ukakalowa m'chipinda cha dokotalayo usakawerame ngati wopalamula. Ukhale tsonga, um'yang'ane, unene kuti pakupweteka ndi apa, panayamba mwezi wakuti, pamakula ndikachita zakuti. Akakufunsa kuti ululu ndi wochuluka bwanji pa mulingo wa khumi, usachepetse. Ndikukudziwa, ukamva zisanu ndi ziwiri umanena zitatu. Ufunse kuti upuma masabata angati, ndani akuyang'anira, ndipo malo ako ali bwanji pamene ukupuma. Zimene akuyankhe upemphe akulembere. Ukaona atsikana ena akumeza mapilitsi mobisa kuti asataye mpando, usawaweruze, koma usawatsanzire. Ndipo kochi ndi kochi, si mayi ako. Sukuyenera kum'sangalatsa ndi thupi lako, monganso sunayenere kundisangalatsa ine.

Chatsala ndi cha Lamlungu. Ndapempha kale abusa kuti andipatse mphindi zisanu nthawi ya maumboni, ndipo avomera, akuganiza kuti ndikukathokoza za ulendo wako. Ndikavala chitenje chobiriwira chomwe chija. Ndikaima pamalo omwe aja n'kuuza mpingo kuti umboni wanga woyamba unali wodzikuza, kuti miyezi itatu ndinkawanamiza pakhomo, kuti mwana wanga ndinam'palasitsa ndi nthiti yong'aluka, ndipo akhoza kubwerera kuno mwezi usanathe chifukwa cha bodza langa. Ndikanena Mayi Kamwendo ali pompo. Sindikudikira kuti ndimve kaye mmene zikuyendere kumeneko. Ndikuchita dala Lamlungu lino, iwe usanaonane ndi dokotala, kuti pamene ukulowa m'chipindamo ukadziwe kuti kuno kulibenso nkhope yoti uiteteze. Idzakhala itagwa kale, ndipo ndidzakhala nditaigwetsa ndekha. Ndipita ndithu.

Akakubweza, ubwere. Bedi lako silipita kulikonse, mtsinje uli pomwepo, mayunivesite aliponso kuno. Ine ndi bambo ako tidzakhala pa bwalo la ndege ola limodzi ndege isanatere, ndipo palibe adzakufunse kuti walephera bwanji. Akakusunga, upole kaye, masabata onse amene anene, osachotserapo ngakhale tsiku limodzi, kenako upalase mmene umapalasira muja ndisanalowererepo, uli wamng'ono, ukubwera kunyumba utanyowa ndi kuseka. Bwato lija ndakubwezera. Ndinalitenga popanda kupempha.

Ndamva chitseko cha pansi chatsekuka, mwina ndi bambo ako, mwina ndiwe, ndiye ndilekere pano ndibise mapepalawa. Mawa pa bwalo la ndege ukaona kuti ndakukumbatira mbali imodzi yokha, yakumanja, ndipo ukadabwa. Pofika pa mzere uno wadziwa chifukwa chake. Ukatera, undiimbire. Sindikufunsa ngati uli bwino, funso limenelo ndalisiya. Ndikufunsa kuti pakupweteka pati, ndipo ndidzakhala chete pa foni mpaka utandiuza.

Ndine amene ndinakulakwira, ndipo ndimakukonda kuposa mmene ndaonetsera chaka chino,

Mayi ako